Gemu ya ana kwa agogo ku Lizulu

Achemwali aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Nkhani ya gemu ya ana ija tiimalize sabata ino. Achimwene a ku Joni akunyamuka pa 15, akufuna adziwe chogula. Tinagwirizana K40,000 khomo lililonse. Mpaka pano apereka ndi makomo atatu okha mwa 7.

Bambo aang'ono a ku Boma: PlayStation 4 ija, PS4, basi. Ana a masiku ano ndi mpira.

Achimwene a ku Joni: Bambo, ndinazungulira m'mashopu Loweruka. PS4 ndi ya 2013, zambiri zimene ndaona ndi zogwiritsidwa kale ntchito. Koma chachikulu ndi moto. Kwa agogo tikudalira sola ija. PS4 yoyambirira imadya mawati oposa 100 mwana akamasewera, kuphatikiza TV, batire lija silingafike 8 koloko usiku. Nintendo Switch siifika ndi 20 omwe, komanso ili ndi batire lakelake.

Azakhali: Ine ndifunseko. Khitchini ya agogo ikudontha, mvula ili pafupi, ife tikusonkha za magemu?

Achemwali aakulu: Azakhali, za malata tinasonkha kale chaka chatha, amene anasunga ndalamayo akudziwa. Iyi ndi ina. Ana aja akabwera pa holide amathawira ku msika kukaonera anzawo akusewera m'mashopu a magemu, ndipo amawoloka M1 okha. Wamng'ono uja ali ndi zaka 5. Agogo sangawathamangire.

Azakhali: Apo ndamva. Msewu uja tsiku la msika umandiopsa inenso.

Bambo aang'ono a ku Boma: Ndiye mugule PS4 akhale pakhomo. Kumashopu kuja amatsatira mpira womwewo.

Mlamu wa ku Tsangano: Moni nonse. Amene akufuna kachewere anene lero, tikukumba mawa.

Mayi aang'ono: Matumba awiri anga alamu. Ya ulendo watha inali yabwino, sinawole msanga.

Mlamu wa ku Tsangano: Feteleza wake ndiye watipweteka chaka chino, mtengo sukhala ngati wakale uja.

Mayi aang'ono: Tikambirana kumbali. Kodi agogo chifuwa chija chili bwanji? Kuzizira kwa kumeneko sikuwayanja.

Achemwali aakulu: Akupezako bwino, dzulo anapita okha kudimba. Koma tibwerere ku gemu chonde. Alamu, inu muli m'gulu la amene sanatumize.

Mlamu wa ku Tsangano: Ndikagulitsa.

Aphunzitsi athu: Pepani ndinali m'kalasi. Ine nkhawa yanga ndi zimene anawo aziona. Pa kabokosi ka gemu pamakhala nambala ya zaka, 3, 7, 12, 16 kapena 18. PS4 yogula kwa munthu nthawi zambiri imabwera ndi magemu oikamo kale, ndipo ambiri amakonda kuikamo GTA, imene ndi ya zaka 18. Muli kuwomberana ndi kutukwana. Agogo sangadziwe kuti mwana watsegula chiyani. Ku Switch kuli Mario Kart, mpikisano wa timagalimoto, yolembedwa 3, ndipo ana anayi amatha kusewera limodzi pa TV imodzi zogwirira zikakwana. Minecraft ndi ya 7, amamanga nyumba ndi minda, wanga wamkulu angaikonde.

Bambo aang'ono a ku Boma: Timagalimoto ndi za atsikana izo. Mpira uli pa PS4.

Aphunzitsi athu: Bambo, mwa adzukulu aja atsikana ndiwo ambiri, ndalama akusonkha ndi makolo awonso. Ndipo mpira ulipo pa Switch, FIFA ija anaisintha dzina mu 2023, pano akuti EA Sports FC.

Wamng'ono wa ku koleji: Nanga Xbox Series S? Ndi yotsikirapo mtengo kuposa PS5.

Achimwene a ku Joni: Series S ilibe polowetsa disiki, gemu iliyonse ndi yokopera pa intaneti. Bandulo yake azigula ndani? Iwe?

Wamng'ono wa ku koleji: Ayi ndangofunsa achimwene.

Mayi aang'ono: Ine ndinaona ina pa Facebook akuti Switch Lite, yotchipa. Bwanji imeneyo, poti ndalama ikuvuta kutuluka?

Achimwene a ku Joni: Imeneyo ayi mayi. Lite siilumikizika ku TV, ndipo zogwirira zake sizichoka. Ndi ya mwana m'modzi m'manja, enawo azingosuzumira paphewa mpaka wina alire. Switch yeniyeni, ya 2017 ija, imabwera ndi togwirira tiwiri tochotseka, awiri ayamba kusewera tsiku lomwelo. Switch 2 inatuluka mu 2025 koma ndalama yathu siifikako, ndipo ana a msinkhu uwu sakuifunikira.

Aphunzitsi athu: Switch ili ndi apu ya makolo ya pafoni, umaika nthawi yosewera patsiku. Ine ndikhoza kuitchera ndikabwera, ola limodzi ndi theka likwana. Madzi akatunge, mbuzi akatsekere.

Achemwali aakulu: Zimenezo ndiye zofunika. Kodi amalume a ku Bembeke alipo? Mauthenga akuwerenga koma chiyambire sanayankhe.

Azakhali: Asiyeni. Mukudziwa za pa chiliza paja.

Achemwali aakulu: Sindinatchule zimenezo ine. Ana awo awiri adzakhala nawo pa TV pomwepo.

Bambo aang'ono a ku Boma: Ine ndanena kale, PS4. Mudzandikumbukira.

Achemwali aakulu: Bambo, mwanena kanayi koma K40,000 yanu sindinaione.

Bambo aang'ono a ku Boma: Kutha kwa mwezi.

Achimwene a ku Joni: Kutha kwa mwezi ndidzakhala nditadutsa kale pa boda ya Dedza. Ikafika pa 12 ndigula Switch, Mario Kart ndi mpira wa bambowo. Ikaperewera, mpira utsala. Wina agule adaputa ku Boma, pulagi ya kuno siilowa m'masoketi a kwathuko.

Azakhali: Yanga ndatumiza pa Mpamba, onani achemwali. Ndipo izikhala m'chipinda cha agogo, holide ikatha asadzanyamule wina kupita nayo kwake.

Achemwali aakulu: Yafika azakhali, zikomo. Makomo anayi. Alamu, bambo aang'ono ndi amalume, pa 12.

Mlamu wa ku Tsangano: Mayi aang'ono, matumba awiri aja ndi aakulu kapena aang'ono?