Chamba chololedwa chija chikutithandiza ife a ku Nkhotakota?

Mlimi wa ku Dwangwa: Abale, lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale linadutsa 2020, koma kwathu kuno umphawi ndi womwewu. Alipo wapindulapo?

Mayi a ku Benga: Achimwene vuto ndi laisensi, ya chamba cha mankhwala anaika madola 10,000, ndiye munthu woti feteleza akumulephera aipeza kuti ndalama imeneyo, komanso amafuna mpanda, alonda ndi msika wodziwikiratu.

Mnyamata wa pa Boma: Zoona mayi. Chamba chathu chinatchuka kunja konse ngati Malawi Gold koma olima ake akumangidwabe, zimandiwawa heavy.

Mlimi wa ku Dwangwa: Nanga titapanga kopaletivu nkusonkherana?

Mayi a ku Benga: Ndi bwino, koma yambani mwapeza wogula musanapite ku Cannabis Regulatory Authority, bungwe lopereka malaisensi a chamba.