Kodi telala ayenera kupezeka pa masamba onse a mchezo?

Mayi NaPhiri, Area 25:
Atelala anzanga, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere. Ndasoka kuno ku Area 25 kwa zaka zambiri, ndipo makasitomala anga ambiri amabwera chifukwa chouzana, makamaka amayi a Mvano ndi makomiti a maukwati. Chaka chino mwana wa achemwali anga ndi makasitomala achinyamata akhala akundiumiriza kuti nditsegule masamba pa Facebook, Instagram ndi TikTok, ati telala wosaoneka pa foni ndiye kuti watha ntchito. Ndinamvera, koma m'miyezi itatu chimene ndakolola ndi mauthenga ofunsa kuti "zingati?" usana ndi usiku, ndipo ndikayankha eni ake sabweranso. Sabata yatha ndinachedwetsa madiresi a operekeza mkwatibwi chifukwa nthawi imene magetsi anayaka ndinaithera pa foni m'malo mokhala pa makina. Kodi inu mukuchita bwanji?

Bambo Mbewe, Kawale:
Mayi, musanatseke kapena kutsegula tsamba lina lililonse, tengani kope limene mumalembamo miyeso, ndipo pafupi ndi dzina la kasitomala aliyense amene wasiya nsalu ndi ndalama, lembani kumene anakudziwirani. Ine ndinatero kwa miyezi iwiri, ndipo ndinapeza kuti pafupifupi onse amene analipira anabwera chifukwa choona suti pathupi pa mnzawo, kapena chifukwa choona chithunzi pa status ya WhatsApp ya munthu amene ndinamusokera kale. Amene amadina chala pa Facebook ndi ambiri, koma ambiri mwa iwo sadziwa n'komwe msewu wa ku Kawale. Kope limenelo ndi limene liyenera kukuuzani kumene mungaike mphamvu zanu, chifukwa mwana wa achemwali anu, ngakhale akukufunirani zabwino, sindiye amalipira lendi ya shopu.

Achimwene Kalua, Area 36:
Bambo Mbewe, ndikupempha kusiyana nanu pang'ono. Ntchito zanga zazikulu ziwiri za chaka chino zinachokera kwa Amalawi okhala ku Johannesburg amene amakonzekera chinkhoswe kuno kumudzi, ndipo anandipeza pa Facebook; anthu otere sangadutse pakhonde langa n'kuona makina. Choncho sindinganene kuti masamba a mchezo alibe phindu. Chimene ndikuvomereza n'chakuti munthu mmodzi, amene ndiye wodula, wosoka, wosita komanso wopita kukagula ulusi ndi mazipi ku Area 2, sangasamale masamba atatu. TikTok imafuna mavidiyo pafupipafupi ndipo imadya bandulo kwambiri. Tsamba la bizinesi la pa Facebook nalo silionetsedwa kwa onse okutsatirani pokhapokha mutalipira, ndipo kulipirako kumafuna khadi ya ku banki yogwira kunja, zimene masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja sizophweka.

Mayi NaBanda, Chilinde:
Ine ndikufuna kukhazikika pa mauthenga a "zingati?", chifukwa ndi amene akukulandani nthawi ya makina. Ikani WhatsApp Business, imene ndi yaulere, ndipo mulembemo maola a ntchito, malo a shopu ndi mndandanda wa zithunzi za zimene mumasoka. Mulinso mwayi woika uthenga wodziyankha wokha pamene simuli pa foni. Wanga umanena kuti ndimayankha pa nkhomaliro ndi madzulo ndikaweruka, ndipo umapempha munthuyo kuti anene mtundu wa chovala, tsiku limene akuchifuna, ndiponso ngati nsalu ali nayo kale. Ongofunsa mocheza amathera pomwepo, pamene ofunadi kusoketsa amayankha mafunso atatuwo, ndipo ine ndimayamba nawo kukambirana zenizeni.

Pa nkhani ya mitengo, ndinaphunzira mowawa mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nsalu, ulusi ndi mabatani zinakwera nthawi yomweyo, koma anthu amabwera ndi zithunzi zanga zakale zokhala ndi mtengo wakale, n'kumandinena kuti ndine wachinyengo. Kuyambira pamenepo ndimalemba mtengo wa ntchito ya manja yokha, ndipo ndimalembanso tsiku limene ndaika mtengowo, pamene za nsalu timakambirana munthu akafika. Status ili ndi ubwino pamenepa, popeza imafufutika yokha pakatha maola 24.

Bambo Mbewe, Kawale:
Achimwene Kalua, mfundo ya anthu akunja ndaimva ndipo ndi yoona. Ndingochenjeza kuti ntchito yochokera kwa munthu amene simunamuonepo musaiyambe asanapereke ndalama ya nsalu ndi theka la mtengo wa ntchito. Komanso musakhulupirire chithunzi cha uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba chimene wakutumizirani. Tsegulani foni yanu muone ngati ndalamayo yalowadi. Mnzathu wina anadula nsalu ya mayunifolomu a kwaya yonse atakhulupirira uthenga wabodza, ndipo mpaka lero akubweza ngongole ya nsaluyo.

Mayi NaBanda, Chilinde:
Chinanso chimene ambirife timachinyalanyaza ndi zithunzi za makasitomala. Mayi amene wabwera kudzayesa diresi sanabwere kudzaonetsedwa kwa dziko lonse, ndipo mkwatibwi safuna kuti chovala chake chionekere anthu tsiku lake lisanafike. Pemphani chilolezo, ndipo akakana jambulani chovalacho chili pa hang'ala. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa munthu payekha la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, kotero nkhope ndi nambala za foni za makasitomala si zogawa mwachisawawa, ngakhale kuwaika m'gulu la WhatsApp osawafunsa.

Mayi NaPhiri, Area 25:
Zikomo nonse. Usiku wapitawu ndawerenga kope langa kubwerera m'mbuyo miyezi itatu, ndipo mwa amene ndikukumbukira njira yawo, mmodzi yekha ndiye anachokera pa Facebook, pamene pa Instagram ndi TikTok sipanachokere aliyense. Masamba awiriwo ndiwasiya. Tsamba la Facebook ndalipereka kwa mwana wa achemwali anga kuti aziikapo zithunzi Loweruka lililonse, pamodzi ndi nambala ya shopu, ndipo tagwirizana kuti ndizimupatsa kangachepe pa ntchito iliyonse yobwera kudzera kumeneko. Mayi NaBanda, ndidzafika ku Chilinde Lachiwiri masana kuti mundithandize kuika uthenga wodziyankha uja. Funso limene latsala ndi la nambala: kodi ndigule simu ina ya shopu yokha, kapena ndigwiritse ntchito yakale imene makasitomala anga onse akuidziwa kale?