Timavuto tating'ono ndi tokoma tating'ono ta munthu wamkulu: kwanuko zimakhala bwanji?

Mayi wa ku Kamuzu Road, Salima:

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi ina pa boma la Salima. Funso langa ndi la zinthu zimene ambiri timachita manyazi kuzidandaula pagulu chifukwa zimaoneka zochepa. Sindikunena za matenda kapena maliro, ngakhalenso za kukwera kwa mitengo kumene tonse takhala tikulira nako chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndikunena za timinga tija timene timabaya pang'onopang'ono tsiku lililonse, mpaka munthu n'kufika madzulo uli wotopa osadziwa chimene chakutopetsa.

Dzulo ndinaweruka mochedwa, ndinatereka nyemba pa chitofu cha magetsi, ndipo zitangoyamba kufewa magetsi anazima. Ndinapita kukatenga mbaula n'kupeza kuti makala atsala fumbi lokhalokha pansi pa thumba. Mwana amene ndinamutuma kukagula ena anabwera ndi makala pamodzi ndi maswiti awiri, akuti wogulitsa analibe chenji. Palibe chachikulu pa zonsezi, koma ndinakhala pa mpando wa kukhitchini misozi ili pafupi. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti m'boma lathu lomwe lino muli malo aakulu opangira magetsi a dzuwa, koma nyemba zanga zimathera pa makala.

Komabe m'mawa wa lero ndinadzuka 5 koloko ana asanadzuke, ndinamva mpopi wa panja ukutsokomola mpweya kenako madzi n'kuyamba kutuluka, ndipo ndinadzaza zidebe zonse popanda wondithamangitsa. Ndinakhala pa khonde ndi tiyi ndi mbatata yotsala dzulo, kunja kukali kozizirira, mabelu a akabaza oyambirira akulira pa msewu. Mphindi zimenezo zinandibwezera mtima m'malo mwake. Tsono ndikufunsa: kodi inu chimakutopetsani n'chiyani pa zazing'onozi, nanga chimene chimakutsitsimutsani n'chiyani?

Mphunzitsi wa ku Nkhotakota:

Zikomo amayi poyambitsa nkhaniyi. Kwa ine chotopetsa chachikulu ndi kudikira, makamaka kudikira m'minibasi. Ndimapita ku Salima kawirikawiri kukaona amayi anga, ndipo ulendo wa pa msewu wa M5, umene ndi wa makilomita opitirira pang'ono 100, umatha kundidyera theka la tsiku. Munthu umafika pa siteji n'kupeza minibasi yooneka ngati yadzaza, woitanira n'kukuuza kuti watsala munthu mmodzi basi. Ukangolowa n'kulipira, anyamata atatu amene anakhala kumbuyo amatsika mmodzimmodzi, chifukwa sanali apaulendo, anangowakhazika kuti galimoto ioneke yodzaza. Pamenepo ndalama yapita kale, dzuwa likuwotcha malata a galimoto, ndipo dalaivala amangoliza injini n'kusuntha pang'ono kuti mtima wako ukhale ndi chiyembekezo. Sindidandaula ndi kuchedwa kwenikweniko, chifukwa ndimadziwa kuti mafuta ndi okwera mtengo ndipo galimoto yopanda anthu okwanira singapindule. Chimene chimandipweteka ndi bodza, poti akanandiuza zoona ndikanayamba ndakagula zofunika kumsika.

Chokoma cha ulendo womwewo chili pa Chia. Galimoto ikaima pafupi ndi mlatho, ogulitsa nsomba amathamangira m'mawindo, ndipo munthu ukasankha chambo chako amachimanga ndi kachingwe n'kuchipachika panja pa galimoto kuti chiziwombedwa mphepo ndiponso chisanunkhitse anzako. Ulendo wonse wotsala ndimakhala ndikuchiyang'ana chikulendewera pa galasi, ndikuganiza za nkhope ya amayi anga akachilandira. Iwo sathokoza ndi mawu ambiri. Amachitembenuza, kutsegula makha kuti aone ngati ali ofiira, kenako amaitana mdzukulu kuti abweretse mpeni ndi beseni. Madzulo ake timadya ndi mpunga wa Kilombero umene fungo lake limafika mpaka kwa aneba, ndipo za minibasi zija sindizikumbukanso.

Mayi wogulitsa nsomba ku Senga Bay:

Amayi a ku Kamuzu Road, ndamva kudandaula kwanu ndipo ndikukumvetsani, koma pa nkhani ya chenji ndiloleni ndiyankhuleko m'malo mwa ife ogulitsa. Si nthawi zonse pamene timakhala tikufuna kukudyerani. M'mawa anthu asanu oyambirira amabwera aliyense ndi K5,000 kudzagula usipa wa ndalama zochepa, ndipo timapepala ting'onoting'ono timene ndinasunga dzulo timatha nthawi yomweyo. Ndimasiya malonda anga kwa mnzanga n'kuyamba kuzungulira msika kupempha chenji, ndipo pobwera ndimapeza wogula wina wadutsa. Maswiti aja ndi manyazi a wogulitsa amene sakufuna kuti mwana wanu abwerere chimanjamanja, ngakhale ndikuvomereza kuti akanayenera kumufunsa kaye.

Chimene chimanditopetsa ine ndi mwera. Kuyambira cha m'mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti mphepo imeneyi imawomba kuchokera kum'mwera, nyanja imakalipa, ndipo asodzi amatha masiku angapo mabwato ali pamtunda. Usipa ukasowa mtengo umakwera padoko pomwepo, ife tisanaukhudze n'komwe, koma wogula akafika pa benchi langa amandiyang'ana ngati ndine ndakweza. Ena amatola nsomba, kuinunkhiza, kuifinya pamimba, kufunsa mtengo katatu, kenako n'kuchoka osatsanzika. Zimenezi zimawawa kuposa kusagulako. Chaka cha 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka madzi anafika pamene tinkayanika usipa, ndipo tinachita kusamutsa mathandala n'kuwamanganso kumtunda ndi ndalama zimene sitinazikonzekere.

Koma nyanja yomweyo ndi imene imandipatsa chimwemwe chimene sindingachisinthanitse ndi chilichonse. Usiku wa mdima wopanda mwezi, pamene madzi ali bata, nyali za asodzi a usipa zimandandalika patali ngati mudzi wina wamera pamadzi. Ndimaima panja n'kumaziwerenga. M'bandakucha ndimamvetsera kulira kwa injini, ndipo patha zaka zambiri moti ndimadziwa ndi khutu lokha ngati boti likubwera lolemera kapena lopepuka. Likamabwera pang'onopang'ono, litamira mpaka m'milomo, amayi tonse padoko timayamba kuseka tisanaone n'komwe nsomba. China ndi tsiku logawana ndalama za banki mkhonde kumapeto kwa chaka, pamene munthu umaona kuti timakobidi tija unkaponya sabata iliyonse takwana kugula malata.

Bambo wopuma pa ntchito, Dwangwa:

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndikufuna kuyamba ndi nkhani ya magetsi, chifukwa kudziwa chifukwa cha chinthu kumachepetsako mkwiyo. Malo a magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, anayamba kugwira ntchito mu 2021, koma magetsi ake sapita m'nyumba za oyandikana nawo okha ayi. Amalowa m'mawaya a dziko lonse n'kusakanikirana ndi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, kumene kumachokera magetsi athu ambiri. Ndiponso amapangidwa dzuwa likamawala, pamene nyemba zanu, mayi, zimaphikidwa dzuwa litalowa, nthawi imene nyumba iliyonse m'dziko muno yayatsa chitofu ndi mababu. Mukumbukira kuti namondwe Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale 2022 tonse tinakhala mumdima kwa miyezi yambiri, ngakhale ife okhala kutali ndi Chikwawa. Zimenezi sizifewetsa nyemba, koma zikusonyeza kuti simunasalidwe inu nokha.

Changa chotopetsa ndi foni. Kale uthenga unkabwera ndi munthu, ndipo munthuyo ankakhala pansi, kupatsidwa madzi, kenako n'kunena chimene wadzera. Lero ndimadzuka n'kupeza kuti andilowetsa m'magulu atatu a WhatsApp usiku umodzi, lina la chinkhoswe, lina la ukwati wa mwana wa munthu amene tinaonana komaliza zaka khumi zapitazo, ndipo aliyense walemberedwa kale ndalama yoti apereke, mayina a amene sanapereke n'kumaikidwa poyera tsiku lililonse. Za maliro sindiziwerengera m'gulu limeneli, chifukwa chipepeso ndi ngongole ya tonse ndipo mawa adzakhala ine. Koma chisangalalo chimene chimabwera ndi mndandanda wa angongole chimandilemera, makamaka munthu ukamadalira penshoni. Ndimaperekabe, popeza mutu umodzi susenza denga, koma ndikanakonda atamayamba andipatsa moni.

Tsono chokoma changa chimabwera pamene kutentha kwafika pachimake. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja munthu sugona, mkeka umatentha, madzi a mu mtsuko okha ndiwo amakhala ndi chifundo. Ndiye tsiku lina masana mitambo imadetsa kumapiri, mphepo imatembenuka, ndipo madontho oyamba amagwa pa fumbi. Fungo la dothi lonyowa lija ndalimva zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi koma silinandikwane. Madzulo ake adzukulu amathamangira pa babu la pakhonde ndi beseni la madzi kukagwira ngumbi, ndipo usiku mango akupsa amagwa pa malata ndi phokoso limene limandidzutsa ndili wokondwa, podziwa kuti m'mawa ndikatola asanadzuke ana a aneba.

Mnyamata wa ku Chipoka:

Ine ndangoyamba kumene kukhala pandekha, choncho zambiri mwa izi ndikuziphunzira tsopano. Palibe anandiuza kuti munthu wamkulu amayenera kuganiza za ndiwo tsiku lililonse mpaka kalekale, ndiponso kuti sopo, mchere ndi mayunitsi a magetsi zimakonda kutha tsiku limodzi. Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi kuima pa mzere wa ATM kumapeto kwa mwezi kwa ola lathunthu, n'kufika kutsogolo makina atasiya kutulutsa ndalama, kenako n'kupita kwa wotumiza ndalama pa foni iye n'kunena kuti netiweki yavuta. Chokoma changa ndi Loweruka masana, zovala zili pa chingwe, nyumba ndakolopa, wailesi ikuulutsa mpira, ndipo palibe amene akundifuna. Mwezi watha ndinagula mpando wanga woyamba kwa kalipentala wa pafupi ndi kwathu, ndipo mpaka lero ndikalowa m'nyumba ndimayamba ndauyang'ana.

Mayi wa ku Kamuzu Road, Salima:

Zikomo nonse, ndawerenga mayankho anu kawiri. Bambo a ku Dwangwa, za mawaya a dziko lonse sindinkazidziwa bwino, ndipo kuyambira sabata ino nyemba ndiziphika m'mawa Lamlungu n'kuzigawa m'timapoto. Achimwene a ku Chipoka, mpando umenewo muusamale, chifukwa ine wanga woyamba ndikadali nawo ngakhale mwendo umodzi unamangidwa ndi waya. Amayi a ku Senga Bay, mwandichititsa manyazi m'njira yabwino, popeza sindinaganizepo kuti wogulitsa amasiya malonda ake kukandifunira chenji, ndipo inenso ndine mmodzi wa aja obwera ndi K5,000 m'mamawa. Loweruka likubwerali ndikufuna kubwera kudoko ndi ana kuti akaone mabwato akamafika, ndipo ndidzatenga ndalama zosinthasintha. Chonde mundiuze nthawi yabwino yofikira kuti tipeze usipa usanayanikidwe, chifukwa wamng'ono wanga sanalawepo wauwisi wophikidwa ndi tomato ndi mchere basi.