Waya waminga wandigonjetsa, ndimukulunge bwanji ndipo ndimukunge ndi chiyani?

Mayi wa ku Santhe:
Akuluakulu a m'gulu muno, moni nonse. Masiku onsewa ndimangowerenga za anzanga, lero nane zandigwera. Ndili ku Kasungu, dera la Santhe. Malemu bambo anga anasiya mpanda wa waya waminga pamalo pomwe ankadyetsera ng'ombe nthawi ija fodya ali ndi ndalama. Ng'ombe zinatha, mitengo yambiri chiswe chinadya, koma waya alipo, mizere inayi, kwina wagona mu udzu. Ine ndili ndi dimba kudambo, pafupifupi ekala imodzi. Mukudziwa zimene zimachitika anthu akangokolola, ziweto amangozitayirira. Chaka chatha tomato ndi mpiru wanga zinathera m'mimba mwa ng'ombe za eni. Nkhani inafika kwa amfumu, koma chipepeso chake sichinakwane ngakhale feteleza amene ndinathira.

Ndiye ndinati ndisamutse waya uja ndikatchinge dimba. Loweruka tinayamba ine, alamu anga ndi mwana wanga wamwamuna. Tinazula misomali mizere yonse inayi, n'kuyesa kukulunga pamkono ngati chingwe choyanikapo zovala. Zinakanika. Tinangomuunjika, n'kukweza pangolo. Pofika kudimba anali atasanduka mpira wachikulunga waminga, nsonga yake osaoneka. Mzere umodzi wokha ndi umene tinaupulumutsa. Tinaukoka ndi manja anthu atatu, tikukhomerera pamtengo uliwonse. Kutacha tinapeza ukulendewera, thole likhoza kungodutsa osawerama. Alamu anati timangirire kungolo ng'ombe zikoke. Waya anaduka, anakwapula mwana pamkono mpaka magazi, mtengo wa pangodya n'kupendekeka.

Amuna anga amagwira ntchito pafamu ina kufupi ndi Johannesburg. Anditumizira vidiyo pa WhatsApp ya chimakina cha pathirakitala chokulunga waya, ndi ina ya tcheni chokhala ndi zoluma waya, akuti ndifufuze kuno. Thirakitala ine ndiitenga kuti? Ndithandizeni, kodi zipangizo zimenezi n'zofunikadi, kapena pali njira ya kumudzi? Ndipo waya wakaleyu ndipitirize kulimbana naye kapena ndikungotaya nthawi?

Namwino wa ku Lilongwe:
Asisi, za waya zidikire kaye. Mwanayo wapita kuchipatala? Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo waya amene wagona pomwe pankakhala ng'ombe si wochita naye chibwana. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera, akaonedwe ngati akufunika katemera.

Mayi wa ku Santhe:
Zikomo anamwino. Lolemba ndinapita naye, anamubaya ndi kumumanga. Akupeza bwino, akungodandaula kuti mpira sakusewera.

Gogo wa ku Mkanda, Mchinji:
Amayi, pepani ndi ngoziyo. Ine ndili mnyamata ndinamanga mipanda yambiri pa esiteti ina kuno kwathu, ndiye mundilole nditalikitse. Chimakina cha pathirakitala chisakusowetseni tulo, chimenecho n'cha anthu omanga makilomita. Inu chimene chakulakwirani ndi mtengo wa pangodya. Waya sakungidwa pamtengo uliwonse ayi. Amakungidwa kuchokera pangodya kukafika pangodya ina, mitengo ya pakati ntchito yake n'kungomunyamula. Wa pangodyawo ukhale wonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, ulowe pansi pafupifupi mita imodzi. Pokwirira muzithira dothi ndi miyala pang'onopang'ono, uku mukusinja ndi mtengo ngati muli pamtondo, osati kukwirira kamodzi n'kupondaponda ndi phazi. Dothi la kudambo limafewa, ndiye mchirikizo sungalephere. Semani kamphako pamtengo wa pangodyawo, mulowetsemo mutu wa mtengo wina wopendekeka, phazi lake litsamire mwala waukulu wokumbiridwa pansi, mbali imene waya akukokera. Pangodya waya amakokera mbali ziwiri, michirikizo ikhalenso iwiri. Mukapanda kutero, ngakhale abambo atatumiza tcheni cha ku Joni, chidzangozula mtengowo mofulumira kuposa ng'ombe za alamu anu.

Chachiwiri, munayamba ndi chomalizira. Timakunga kaye, kukhoma pambuyo. Ndipo misomali yokhota ija pamitengo ya pakati musamaikhomerere mpaka kuluma waya. Siyani kampata. Ng'ombe ikatsamira, mphamvu yake igawike mzere wonse, osati pakati pa mitengo iwiri yokha. Muziikhomanso mopendeketsa pang'ono, mano ake awiri asalowe mumtsempha umodzi wa mtengo, chifukwa umang'aluka.

Pokulunga, mzere umodzi nthawi imodzi, inayo isiyeni pamitengo. Zulani misomali, waya agone pansi mowongoka. Pindani nsonga yake ikhale mkombero waukulu ngati tayala la njinga, mumange, ndiye muziugubuduza pansi mukuyenda chakutsogolo, waya azidzikulunga yekha. Muziupendeketsa uku ndi uku kuti mizere izipingasana, minga ikolane, mpukutu usamasuke. Ukayamba kulemera dulani, mumange malo atatu. Pomasula n'chimodzimodzi, mangani nsonga pangodya, gubuduzani. Akakhala watsopano wa kusitolo, lowetsani paipi kapena chitsulo pakati pa mpukutu, anthu awiri anyamule uku ndi uku, aziyenda mpukutu ukuzungulira. Chimene ndimaletsa ana anga n'kugoneka mpukutu pansi n'kumasolola waya cham'mbali. Mkombero uliwonse wotuluka choncho umapotoka, mukakoka umasanduka kamfundo, ndipo waya amadukira pamenepo.

Mayi wa ku Santhe:
Agogo, mwandiphunzitsa ngati munalipo. Nanga mulu wapiringizana kalewu?

Gogo wa ku Mkanda, Mchinji:
Musaunyengerere. Pomwe pakana dulani ndi pulayala, tulutsani zidutswa zazitali. Polumikiza musapange timphete tiwiri tokolana ngati tcheni, timadulana tokha. Pambanitsani nsonga ziwirizo kutalika kwa chikhatho ndi theka, iyi muikulunge pa inzake kasanu kapena kasanu n'kamodzi, inayonso chimodzimodzi. Koma muyeseni kaye wayayo. Mupindeni ndi pulayala n'kumuwongola. Akathyoka msanga ngati kamtengo kouma, ameneyo watha. Makamaka pomwe pankadutsa moto wa anyamata osaka mbewa, moto umapsereza chokutira chotuwa chija, dzimbiri n'kulowa.

Mnyamata wa ku Area 25:
Mayi gulitsani wayayo kwa ogula zitsulo zakutha, ndalamayo mugule mbuzi, nanunso muzidyetsa m'madimba a anzanu. Mlandu watha.

Mayi wa ku Kapiri:
Iwe, anzako ali pamavuto. Koma asisi, pang'ono wanena zoona, waya wa mizere inayi amaletsa ng'ombe, mbuzi imangomuseka. Ine ndinaona kwanga. Mizere ya m'munsi iyandikane, mpata wa chikhatho chimodzi, ndipo muluke timitengo kapena nsungwi pakati pa mizati kuti mbuzi ikakankha mizere isatakasuke. Mvula ikayamba bzalani khonje kapena nsatsimanga motsatira mpanda, mbuzi sizidya nsatsimanga. Nkhadze imatchinga bwino koma ndi ana pafupi ine ndimaiopa, utomoni wake ukalowa m'maso ndi nkhani ina.

Wowotcherera wa pa Kasungu boma:
Chokulungira waya sichifuna thirakitala amayi. Timapanga ndi limu yakale ya galimoto, kapena habu ya ngolo yomwe mabeyaringi ake akadali moyo. Timaiika pamiyendo ya chitsulo, mbali imodzi chogwirira chopukusa ngati cha pamjigo wa chitsime. Mmodzi amapukusa, wina wovala magolovesi achikopa amawongolera waya. Mukhoza kuchimangirira pangolo pomasula. Chinsinsi chake ndi buleki. Chikamazungulira mwaufulu chimathamanga kuposa amene akukoka, waya amakhuthuka yekha n'kupiringizana. Ndiye timaika thabwa kapena chidutswa cha tayala chokhudza limu kuti chizilimba pang'ono.

Bambo wa ku Nkhamenya:
Abwana owotcherera, apa mwayamba kutsatsa malonda. Ekala imodzi mpaka kuwotcherera makina? Akamaliza adzaphikira?

Wowotcherera wa pa Kasungu boma:
Sindinatchule mtengo achimwene. Munthu mmodzi n'zoona sichingamupindulire, koma kalabu ya alimi a m'dimba ikhoza kusonkha n'kumabwerekana.

Bambo wa ku Nkhamenya:
Apo ndiye ndavomera. Amayi, pa zonse zimene bambo akunyumba akutumizirani, chofunika ndi tcheni chija. N'chaching'ono, chimakwana m'chikwama, auzeni agule konko apatsire matransipota obwera kuno. Chili ndi zibwano ziwiri zoluma waya ndi mkono umene umayenda pa tcheni mphete imodzi imodzi. Ubwino wake mukasiya kukoka sichibwerera, manja onse awiri amamasuka kuti mumange. Chimathandizanso waya akaduka pakati, mumaluma uku ndi uku, kukoka, kulumikiza. Pa waya waminga muzilumitsa pakati pa minga, osati pamunga penipeni.

Mlimi wa ku Chamama:
Kudikira katundu wa ku Joni tomato atha. Ife timakunga ndi chingwe ndi mtengo basi. Tengani chingwe cholimba cha ngolo, chipindeni pawiri, mbali ina mangani ku waya kuseri kwa munga, ina kumtengo wolimba kupitirira ngodya. Lowetsani mpini wa khasu pakati pa zingwe ziwirizo muzipota. Chingwe chikamapotoka chimafupika, waya amabwera. Mzere waufupi ngakhale hamala ya mano awiri imakwana, mumakoletsa munga m'mano mwake n'kutsamiritsa pamtengo, mnzanu akhome.

Gogo wa ku Mkanda, Mchinji:
Njira ya mpini imagwira, tinkachita. Koma mpiniwo musautaye m'manja chingwe chili chopotoka, umabwerera ngati mphero, ndinaona munthu akulavula dzino. Umangirireni musanausiye. Ndipo ng'ombe, galimoto, thirakitala, zonsezi sizimva kuti waya wafika pothera, dzanja lokha ndi limene limamva. Yambani ndi mzere wa pamwamba. Ndi umene umakoka mtengo mwamphamvu, mukaukunga pomalizira, mizere ya m'munsi yonse imakhwefuka. Mukamakoka, wina aziyenda mumzere akunyamula waya pomwe wakodwa mu udzu kapena pachitsa, apo ayi mudzayesa walimba pamene wangokodwa. Wokokayo aime kuseri kwa mtengo, ana akhale kutali. Waya wakale musamukunge ngati nsambo ya banjo. Mukamukanikiza ndi dzanja pakati pa mitengo iwiri azilola pang'ono n'kubwerera.

Mphunzitsi wa ku Mtunthama:
Ndiwonjezere masamu pang'ono, ndi matenda a ntchito. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047. Dimba likakhala lofanana mbali zonse, mbali imodzi ndi mamita pafupifupi 64, kuzungulira konse 255. Mizere inayi ndi mamita 1,020, mukawonjezera iwiri chifukwa cha mbuzi zija, isanu ndi umodzi ndi 1,530. Madimba ambiri amakhala aatali motsatira dambo, ndiye waya amalowa woposa apa. Yezani ndi chingwe musanagule chilichonse. Komanso chitsulo chimatalika kukatentha, chimafupika kukazizira. Pa mamita 100, kutentha kukasintha ndi madigiri 10, waya amasintha ndi sentimita imodzi ndi pang'ono. Zikuoneka zochepa, koma amene wakungidwa mopitirira muyeso masana a Okutobala, usiku wa Juni amakhala akukoka mitengo ya pangodya.

Mnyamata wa ku Area 25:
Aphunzitsi, mbuzi ya ku Santhe siidziwa madigiri.

Bambo wa ku Chulu:
Langa ndi chenjezo chabe. Ife tili m'malire a nkhalango ya Kasungu, komwe anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, ndipo nkhani ya mpanda kuno si yoseketsa. Akakubweretserani waya wosalala wotchipa mosadziwika bwino, wopanda chiphaso cha kusitolo, musagule. Akhoza kukhala wodulidwa kumpanda wa nyama, mudzayankha mlandu wosaudziwa. Wanunso zidutswa zotsala musazisiye kudambo. Ena amatola n'kukatchera misampha, zina zimakola ng'ombe mwendo.

Mayi wa ku Santhe:
Ndabweranso akuluakulu. Dzulo tinakhala pa mulu uja tsiku lonse ndi pulayala yobwereka kwa wokonza njinga. Agogo munanena zoona, mbali imene inali kufupi ndi tchire ikungothyoka, imeneyo ndaiika padera. Wabwino tayeza ndi chingwe, akukwana mizere iwiri kuzungulira dimba, mwina ndi theka. Tamukulunga mogubuduza muja, mipukutu isanu ndi iwiri, palibe amene wabayidwa. Mitengo ya pangodya tazula yonse, inalowa pansi kufika m'bondo mokha, manyazi ndithu. Bambo akunyumba avomera kutumiza tcheni mwezi ukatha, koma mizere iwiriyi tiyamba ndi chingwe ndi mpini, chifukwa mbande za tomato zakula kale panazale. Alamu akukanabe, akuti ng'ombe zawo sizinalakwe, waya ndiye anali wowola.

Funso lina agogo. Mitengo imene ndingapeze msanga ndi bulugama wauwisi wa kumunda kwa achimwene anga. Ndidule ndiike lero lomwe, kapena chiswe chindichitanso chipongwe?

Gogo wa ku Mkanda, Mchinji:
Wauwisi akamauma amang'aluka n'kulavula misomali. Wa pakati ikani, mudzasintha. Wa pangodya funani wouma, wokhwima, musende makungwa, mbali yolowa pansi muiwaule pamoto mpaka ide, isapse. Muli ndi ngodya zingati? Ngati dimba likukhota motsatira dambo, paliponse pokhota muwerenge ngati ngodya. Pachipatanso pamafuna iwiri.

Mayi wa ku Santhe:
Ndimayesa zinayi. Ndi mmene mwaneneramu zikwana zisanu ndi ziwiri, kuphatikiza pachipata mitengo isanu ndi inayi. Ndipite ndikawauze alamu, ngolo yawo ndiifunanso mawa.