Mabuku oyenera kupereka ngati mphatso ya Khirisimasi

Wofunsa: Abale, chaka chino ndikufuna kugulira apabanja panga mabuku m'malo mwa zovala. Pali agogo aakazi omwe maso awo ayamba kufooka, mdzukulu wawo wa Fomu 2 yemwe sakonda kuwerenga, ndiponso kamwana ka zaka zisanu. Kodi ndingasankhe bwanji?

Mphunzitsi wopuma: Kwa agogowo, yang'anani kukula kwa zilembo musanayang'ane mutu wa buku, chifukwa buku la zilembo zing'onozing'ono lidzangokhala m'sutikesi. Ngati amapemphera, afunseni kaye ngati anazolowera Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, pakuti Chichewa chake n'chosiyana, ndipo munthu wamkulu safuna kusiya mawu amene anawaloweza ali mtsikana.

Mayi wa ana atatu: Mnyamatayo musamugulire buku lokonzekera mayeso, chifukwa adzaona ngati mwamupatsa ntchito patchuthi. Ine ndingasankhe The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe linatuluka mu 2009, lofotokoza mmene William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapangira makina opanga magetsi ndi mphepo atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Mwana amene amakonda kumasula wailesi ndi matochi adzadziona yekha m'nkhaniyo.

Wogulitsa mabuku: Kamwanako kapezereni buku la nthano za Kalulu lokhala ndi zithunzi zazikulu ndi mapepala olimba. Komabe mulipereke pamaso pa agogo ake, kuti azikawerengera madzulo pakhonde.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi kufunsa agogo Lamulungu likudzali.