Mpeni wopinda wa malemu agogo: ndiusinthe mpaka pati kuti ndiziyenda nawo tsiku lililonse?

Wofunsa:

Moni nonse a pagulu pano, makamaka inu amene mumadziwa za mipeni ndi ntchito ya zitsulo. Ndili ndi mpeni wopinda wam'thumba umene unali wa malemu agogo anga aamuna, ndipo bambo anandipatsa ataona kuti wangokhala m'dirowa zaka zambiri osagwira ntchito. Cholinga changa n'chakuti uzikhala m'thumba mwanga, ndizidulira chingwe, kutsegulira makatoni ndi kusongolera pensulo monga mpeni wina uliwonse. Koma ndisanaukhudze ndi tupa kapena sandipepala ndati ndifunse kaye, chifukwa chitsulo ukachipala sichibwereranso.

Mpeniwu uli ndi chitsulo chodulira chimodzi, chotalika pafupifupi masentimita 7, ndipo m'munsi mwake, pafupi ndi popindikira, pali chidindo chimene dzina la kampani linafufutika koma mawu akuti Sheffield, dzina la mzinda wa ku England, akuwerengekabe. Ulibe loko; ukautsegula, chimene chimaugwira ndi sipuling'i ya kumsana, ndipo sipuling'iyo idakali yamphamvu moti potseka imalira kuti "tha". Chitsulocho chinadera, chili ndi mawanga otuwa, koma chimene chikundidetsa nkhawa ndi dzimbiri lofiira limene latsata mzere wa chogwirira, mbali imene imakhala panja mpeni ukatsekedwa. Ndikalipukuta limabweranso. Chogwiriracho n'chachikasu, chooneka ngati nyanga ngakhale si nyanga, chinanyala m'mbali ndi kung'aluka mozungulira timisomali, ndipo ndikachitikita ndi chala chimatulutsa fungo lofanana ndi la mankhwala opaka pachifuwa munthu akadwala chimfine. Kuwonjezera apo chitsulo chimagwedera pang'ono uku ndi uku, komanso nsonga yake siilowa yonse m'chogwirira, moti imakola nsalu ya thumba.

Maganizo anga anali akuti ndiike loko kuti usamandipindikire pa zala, ndiike kilipu yopanira pathumba la thalauza, ndibowole chitsulo kuti ndizitsegula ndi chala chachikulu chokha monga mipeni yamakono, kenako ndichipukute chiwale. Chogwirira chokha ndinkafuna kuchisiya momwe chilili, popeza ndi pamene dzanja la agogo linkagwira. Kodi pa zimenezi n'ziti zimene zingatheke popanda kuwononga mpeni, ndipo ndiyambire pati?

Woyankha woyamba:

Zikomo achimwene chifukwa chofotokoza bwino, pakuti mwatipeputsira ntchito. Ndiyambe ndi nkhani imene simukondwera nayo: chinthu chimene mukufuna kusunga ndicho chiyenera kuchoka, ndipo zambiri zimene mukufuna kusintha n'zofunika kuzisiya.

Malinga ndi mmene mwalongosolera, chogwirira chanucho ndi celluloid, pulasitiki yakale imene inkapangidwa ndi nitrocellulose pamodzi ndi camphor, ndipo fungo mukulimvalo ndi la camphor yemweyo. Celluloid ikayamba kuwola imanyala, imang'aluka ndi kutulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo chili pafupi, n'chifukwa chake dzimbiri lanu latsata mzere wa chogwirira ndipo limabweranso mukalipukuta. Kuwolako kukayamba palibe mafuta kapena vanishi amene angakuletse. Mpeniwo musausunge m'kabokosi kotseka kapena pamodzi ndi mipeni ina, chifukwa nayonso idzachita dzimbiri. Dziwaninso kuti celluloid imayaka msanga kwambiri, choncho musaiyandikize ku moto kapena ku girayinda.

Za loko iwaleniko. Mpeni wa mtundu umenewu unapangidwa kuti sipuling'i ya kumsana izikankha tsinde la chitsulo, ndipo kuti muike loko mungafunike kusema tsindelo ndi kupanga sipuling'i ina, zimene n'chimodzimodzi kupanga mpeni watsopano pogwiritsa ntchito zidutswa za wakale. Ena amatchula mpeni wa Opinel wa ku France, umene anauwonjezera mphete yotsekera mu 1955, koma mpeni umenewo ulibe sipuling'i ya kumsana ndipo khosi lake n'lozungulira, kotero njira imeneyo siingagwire pa wanu. Mpeni wopanda loko sukupindikira pa zala ngati mukudula mokankhira kukamwa kwake pa chinthu. Umapindika munthu akamabaya nawo kapena kukanulira zinthu ndi nsonga. Kubowola chitsulo nakonso sindikukulimbikitsani, chifukwa chinaumitsidwa pamoto ndipo chobowolera wamba chimangoterereka, komanso sipuling'i yamphamvu ngati yanuyo singalole kuti mutsegule ndi chala chimodzi ngakhale bowolo litakhalapo.

Kudera kwa chitsulo si matenda. Chitsulo chosachita dzimbiri anachitulukira ndi Harry Brearley ku Sheffield komweko mu 1913, koma opanga mipeni yam'thumba ambiri anapitiriza kugwiritsa ntchito carbon steel, mtundu wa chitsulo umene umatha kuchita dzimbiri, kwa zaka zambiri pambuyo pake chifukwa imanoleka mosavuta ndipo imathwa bwino. Chitsulo chotere chimadera pakapita nthawi, ndipo kuderako kumachitchinjiriza pang'ono ku dzimbiri lofiira. Chotsani lofiiralo lokha ndi sitiliwulu yosalala kwambiri, ya nambala 0000, mutaidonthezera mafuta, ndipo pa chidindo musapalepo n'komwe. Girayinda yamagetsi ndiyo imapha mipeni yakale yambiri: kukamwa kwa mpeni n'kopyapyala, kumatentha m'kanthawi kochepa, ndipo mukaona kwasanduka buluu, kutanthauza kutentha kwa madigiri pafupifupi 300 Celsius, ndiye kuti pamenepo pafewa ndipo pazibuntha msanga. Nolani pamwala ndi manja, mutapendeketsa chitsulo madigiri pafupifupi 20 mbali iliyonse.

Kugwedera kumatha mukapana pang'onopang'ono khosi la mpeni pa vayisi, chipangizo chopanira zitsulo, mutaika chikopa mbali zonse, kenako n'kugogoda mutu wa kamsomali kopindikirapo ndi hamala yaing'ono. Muzigogoda pang'ono n'kuyesa kutsegula, chifukwa mukapitirira muyeso mpeni umauma osatsekanso wokha. Nsonga ikutuluka chifukwa zaka zonola zinadya chitsulo. Patsinde, mbali ya kukamwa, pali kachidendene kamene kamatsamira sipuling'i mpeni ukatsekedwa. Mukakapala ndi tupa pang'ono chabe, nsonga imatsikira m'chogwirira. Mukakapala kwambiri, kukamwa kwa mpeni kudzayamba kumenya sipuling'i ndi kubenthuka, ndipo kampata kokolera chikhadabo kangabisike.

Woyankha wachiwiri:

Ine ndikusiyana nawo pang'ono bambo ayankha pamwambapa. Mpeni wa m'thumba umatayika, ndipo amene amayenda nawo tsiku lililonse akudziwa zimenezi. Mpeni wamakono wokhala ndi loko ndi kilipu mungaupeze mosavuta, koma wa agogo ndi umodzi wokha. Chotsani celluloid kuti chitsulo chipulumuke, pamenepo ndikuvomereza, koma kenako muusunge kunyumba, muziugwiritsa ntchito patebulo panu. Dziwaninso kuti kwa anthu osonkhanitsa mipeni yakale, mpeni wosinthidwa chogwirira kapena wopukutidwa mpaka kuwala umatsika mtengo, ngati tsiku lina nkhani ya mtengo ingadzakukhudzeni.

Woyankha wachitatu:

Ndiwonjezereko mbali ya malamulo, popeza pagulu pano tili m'mayiko osiyanasiyana. Ku England ndi Wales, lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limalola munthu kuyenda ndi mpeni wopinda ngati kukamwa kwake sikupitirira mainchesi 3, amene ndi masentimita 7.62, koma makhoti anagamula kuti mpeni wokhala ndi loko suwerengedwa m'gulu limeneli, ndipo woyenda nawo ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka. Choncho kumeneko kuika loko kungasandutse mpeni wololedwa kukhala mlandu. Fufuzani lamulo la dziko limene muli musanasinthe chilichonse, ndipo pokwera ndege musauike m'chikwama cha m'manja, chifukwa akaulanda pachipata nthawi zambiri subwerera.

Wofunsa:

Ndathokoza kwambiri nonse. Za loko, kubowola ndi kuwalitsa ndazisiya. Kwa inu amene mwati ndiusunge kunyumba, ndamva nkhawa yanu, koma sindidzaugulitsa, ndipo agogo anaunola mpaka nsonga kutuluka chifukwa choti ankaugwiritsa ntchito; ine ndikufuna kupitiriza zomwezo. Funso latsala ndi la chogwirira: kodi ndiyenera kuphwasula mpeni wonse kuti ndichotse celluloid, ndipo m'malo mwake ndiikemo mtengo kapena fupa? Nanga kilipu ija n'kutheka?

Woyankha woyamba:

Simukuyenera kuphwasula wonse, ndipo ngati ndi koyamba kugwira ntchito yotere ndi bwino musatero, chifukwa kubwezera sipuling'i yamphamvu pamalo pake kumafuna zipangizo ndi luso. Kulungani kukamwa kwa mpeni ndi tepi, kenako lowetsani tchizulo yaing'ono pansi pa celluloid n'kumaibenthula pang'onopang'ono. Popeza inang'aluka kale, idzachoka m'zidutswa. Pansi pake mudzapeza timalata tamkuwa timene ndi mafupa a mpeniwo. Timisomali timene tinkangogwira chogwirira mungatipale kuti tifanane ndi timalatato, koma kamsomali kapakati, kamene kamadutsa mu sipuling'i, musakapale, chifukwa ndi kamene kanyamula mphamvu yonse. Kasiyeni kotuluka, ndipo pa chogwirira chatsopano mubowole kabowo koti kalowemo. Tsukani timalatato bwinobwino kuti pasatsale asidi, tipaleni pang'ono ndi sandipepala kuti guluu agwire, kenako matani ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, mukusamala kuti asadonthere mu sipuling'i kapena popindikira.

Pakati pa mtengo ndi fupa, ine ndingasankhe mtengo wolimba umene unauma bwino, chifukwa umasemeka mosavuta ndipo sung'aluka msanga pobowola ngati fupa. Ngati pali chipangizo china chakale cha agogo chimene mpini wake unathyoka, kachidutswa ka mpiniwo kangakwane, popeza mbali iliyonse imangofuna mamilimita atatu kapena anayi kuchindikala kwake. Kilipu imafuna masikuluwu, ndipo timalata tamkuwa ta mipeni yakale n'topyapyala kwambiri moti sitingawagwire. M'malo mwake sokani kachikwama kachikopa kolowetsamo mpeniwo, ndipo kilipu kapena chingwe muike pa kachikwamako. Kadzathandizanso kuti makiyi asaukande ndiponso kuti fumbi la m'thumba lisadzaze popindikira. Mukachotsa mbali imodzi, jambulani timalatato muike chithunzi pano tisanafike pomata, kuti tione ngati asidi sanadye kamsomali kapakati.