Kodi ndingakafunse kaye kukhonsolo ndisanajambulitse pulani?

Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni nzeru inu amene munamangapo muno mu Lilongwe.

Ndili ndi puloti ku Area 49, mapepala ake onse alipo. Ndikufuna nyumba yogona ikhale kumbuyo, kutsogolo ndiike kagolosale koti mayi a kunyumba azipezerapo ya ndiwo. Ndikudziwa kuti lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna chilolezo munthu asanakumbe maziko, ndipo sindikufuna kulizemba. Chikundisowetsa tulo n'chakuti wojambula pulani akufuna zake, kukhonsolo nakonso pulani saunika ulere. Nanga akadzaikana kuti malowo ndi a nyumba zogona basi, ndalama zonsezi sizilowa m'madzi? Simenti mmene yakwereramu, ndilibe ndalama yojambulitsa kawiri.

Kodi zimatheka kupita ku maofesi a khonsolo (Civic Offices) ku City Centre kukacheza ndi a zamapulani ndisanapereke chilichonse? Ndinyamule chiyani?

Mayi wa ku Area 25: Pitani achimwene, musachite mantha. Tengani mapepala a malo ndi mapu oonetsa mabikoni, mujambulenso nokha papepala pomwe mukufuna nyumba ndi golosaleyo. Funso loyamba likhale lakuti dera lanulo analiika kuti likhale la chiyani. Ngati ndi la nyumba zokha, golosale imafuna pempho lakelake losintha ntchito ya malo. Zimenezi mudziwiretu wojambula asanagwire pensulo.

Mmisiri womanga: Bwana, mukafunsenso kuti khoma litalikirane bwanji ndi msewu komanso malire a aneba. Ambiri amaiwala mawaya a ESCOM, mapaipi a Water Board ndi ngalande ya madzi a mvula, kenako septic tank imasowa pokhala. Wojambulayo akhale wovomerezeka, ndipo ngati n'kotheka mupite naye limodzi akadzimvere yekha.

Bambo wa ku Kawale: Koma chenjerani, zomwe angakuuzeni pakamwa si chilolezo ayi. Amene amavomereza ndi komiti yoona za mapulani. Musayambe kuthira mchenga n'kukumba maziko chifukwa wina wanena kuti palibe vuto. Dikirani pulani yodindidwa.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndipita Lolemba ndi wojambulayo. Amayi a ku 25, pempho losintha ntchito ya malolo limapita limodzi ndi pulani ya nyumba, kapena ndiyambe ilo kaye?